BATANI LIMENE APHUNZITSI ANAZENGEREZA KUDINA

Zaka makumi anai zapitazo, munthu wofuna kudziwa ngongole ya mlimi wa thonje m'cigwa ca Luangwa anali kupita kwa mlembi, ndipo mlembiyo anali kumtsegulira buku lalikulu la cikuto colimba. Adani a buku lotere anali odziwika kwa aliyense: ciswe, makoswe, moto, ndi madzi a Lupande akasefukira m'dzinja. Munthu wosamala anali kulikulunga bwino ndi kuliika pamwamba, basi nkhawa yatha. Masiku ano zinthu zasintha m'boma la Mambwe monga momwe zasinthira m'dziko lonse. Zipatala zambiri zimalemba za odwala m'kompyuta mwa njira ya SmartCare, ana a Grade 9 anayamba kulemba mayeso a maphunziro a kompyuta m'caka ca 2015, ndipo ngakhale magulu ena a alimi m'midzi ya mafumu a Akunda ayamba kusunga maina ndi ndalama m'malaputopu. Buku la cikuto colimba lija lalowedwa m'malo ndi kanthu kocepa ngati cikhato ca mwana, kamene adani ake saoneka ndi maso.

Nkhani ino ndi ya bambo wina wa m'dera la Mfumu Mnkhanya, amene anaphunzitsa m'masukulu a pulaimale kwa zaka zambiri, ndipo atapuma pa nchito anzao anawasankha kukhala mlembi wa kopaletivu ya alimi a m'midzi yozungulira. Kufikira lero anthu amangowaitana kuti Aphunzitsi. M'manja mwao ndimo muli mbiri ya cuma ca mabanja ambiri: amene anatenga mbeu ndi mankhwala a thonje pa ngongole, amene anabweretsa matumba a mpunga kapena nshawa, amene analandira kale ndalama zao, ndi amene akudikirabe. Mbiri yotere ikatayika pamatayikanso cibale, popeza wangongole amayamba kuiwala msanga, ndipo mai wamasiye amene anapereka matumba ake amatsala wopanda umboni.

Kopaletivuyo inagula laputopu yogwirapo kale nchito ku Chipata. Poyamba inali ndi hard disk ya mtundu wakale, imene mkati mwake muli timbale tozungulira mwaliwiro ndi kadzanja kowerenga, pafupifupi monga galamafoni ya makolo. Cipangizo cotere cimadana ndi kugwedezeka, pamene laputopu ya Aphunzitsi inali kuyenda pa njinga, m'njira za m'dambo momwe mapazi a njobvu amauma m'cilimwe ndi kusanduka maenje. Mwana wa mlongo wao, mtsikana amene amakonza makompyuta ku Chipata, ataimva hard diskiyo ikulira mwacilendo, anaicotsa isanafe ndi kuikamo SSD.

SSD ilibe kanthu koyenda mkati mwake. Muli tizipinda mabiliyoni ambiri tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kamasunga kamphamvu kang'ono ka magetsi. Kuculuka kapena kucepa kwa kamphamvuko ndiko kumaimira zilembo ndi manambala. Tizipindato sitikhala mpaka kale. Kalikonse kakafafanizidwa ndi kulembedwanso kambirimbiri kamaguga, monga munda wolimidwa caka ndi caka osaugoneka. Motero m'SSD iliyonse muli kacipangizo koyang'anira, kofanana ndi kapitawo wa pa depoti ya cimanga. Kapitawoyu ndiye amasankha poika thumba lililonse, amasinthasintha malo kuti mbali imodzi isathe msanga, amasesa malo a zinthu zofafanizidwa, ndipo ali ndi kabuku kake kosonyeza pamene ciliconse cili, kabuku kamene mwini kompyuta sakaona. Malangizo onse amene kapitawoyu amatsata analembedwa ndi anthu ku fakitale, ndipo dzina lake ndi firmware. Popeza anthu amalakwitsa, firmware nayonso imakhala ndi zolakwika, ndipo opanga amatumiza yatsopano kudzera pa intaneti kuti ilowe m'malo mwa yakale.

M'mwezi wa October 2024, caka ca cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza m'February kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anali atacepa kwambiri, ndipo m'madera ambiri malaiti anali kuzima maola oculuka kuposa amene anali kuyaka. Aphunzitsi anali kukonza ndandanda ya alimi amene analephera kubweza ngongole kaamba ka cilalaco, kuti komiti ione oyenera kuwacitira cifundo. Tsiku lina atalumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni, panatuluka uthenga wa m'Cingerezi wocokera kwa opanga SSD, wonena kuti firmware yatsopano ilipo, ndipo pansi pake panali batani loti adinepo. Masabata amenewo laputopu inali itayamba kucedwa, makamaka masana, ndipo iwo anaganiza kuti mwina mankhwala ake ndi omwewa. Komabe munthu amene anaphunzitsa ana kwa zaka zambiri kuti safunsa anadya phula sakanadina asanafunse. Anaimba foni ku Chipata.

"Amalume, musadinepo," anatero mtsikanayo. "Kodi zolemba za kopaletivu zili ndi kope lina kwina kwake?"

"Zonse zili momwemu, mwana wanga. Si iwe unandiuza kuti cimeneci sicifa ndi mabampu?"

"Mabampu sangaciphe, inde. Koma cimene mukufuna kucitaci ndi kusintha nzeru za kapitawo depoti ili yodzaza. Nanga batire la laputopu yanu limakhala nthawi yotani malaiti akazima?"

Aphunzitsi anayankha kuti silifika ndi mphindi khumi, ndipo nthawi zina imangothima osacenjeza. Mtsikanayo anawapempha kuti atseke uthengawo ndi kudikira kufikira iye atabwera kumudzi.

Mantha a mtsikanayo anali ndi maziko. Pamene firmware yatsopano ikulowa, pali kanthawi kocepa, mwina masekondi owerengeka, mwina mphindi zingapo, pamene malangizo a kapitawo akulembedwanso. Magetsi akaduka pa kanthawi kameneko, kapitawo angathe kutsala wosadziwa malangizo akale ndiponso wosadziwa atsopano. Matumba onse amakhala ali momwemo m'depoti, osabedwa ndi limodzi lomwe, koma palibe angasonyeze pamene ali, ndipo kompyuta imangonena kuti siikuona SSD iliyonse. Kubweza zinthu pamenepo kumafuna akatswiri a zipangizo zapadera amene sapezeka ku Mfuwe kapena ku Jumbe, ndipo mtengo wao ungapose wa laputopu yonse. SSD zambiri za masiku ano zili ndi njira yodzitetezera, monga kusunga malangizo akale kufikira atsopano atalowa onse, koma palibe kampani imene imalonjeza kuti sipadzacitika kanthu. Pafupifupi zonse zimalemba cenjezo limodzimodzi: yambani mwasunga kope la zinthu zanu. Ndiponso kawirikawiri ulendowu ndi wosabwerera, pakuti opanga ambiri salola kubwezeramo firmware yakale yatsopano ikalowa.

Ngozi ina siicokera ku magetsi konse, koma ku firmware yatsopanoyo. M'October 2009 kampani ya Intel ya ku America inatulutsa firmware ya SSD zake za X25-M, imene inali kubweretsa njira yatsopano yosesera malo a zinthu zofafanizidwa, ndi kuonjezera liwiro la kulemba pa zina mwa izo. Anthu okonda zatsopano anathamangira. Pasanapite masiku ambiri kunamveka madandaulo akuti makompyuta ena a Windows 7 asiya kuyaka ataikamo firmwareyo, ndipo kampaniyo inaicotsa pa intaneti, yokonzedwa nkudzatuluka masabata angapo pambuyo pake. Amene anazengereza sanataye kanthu. Kuyambira nthawi imeneyo amisiri ocenjera amadikira masabata angapo firmware ikangotuluka, kuti amve ngati anzao a m'maiko ena akulira.

Atamva izi pa foni, Aphunzitsi anagamula mlandu monga momwe anthu ambiri acikulire akanagamulira. Anati cinthu cimene cikugwira nchito cisiyidwe, ndipo batani limenelo sadzalikhudza mpaka kale. Ambiri mwa owerenga angabvomerezane nao, ndipo pa zinthu monga khasu kapena njinga cigamulo cotere ncanzeru, cifukwa khasu likayamba kutha limaonetsa. Koma pa SSD cigamuloco ncoona mbali imodzi yokha. Zolakwika zina za m'firmware zimagona mwakacetecete kwa zaka, cipangizo cikugwira nchito bwino lomwe, kenaka zimadzuka pa ola lake.

Citsanzo codziwika kwambiri ndi ca m'November 2019, pamene kampani ya Hewlett Packard Enterprise inacenjeza makasitomala ake kuti SSD zina za m'makompyuta akuluakulu, a mtundu wogwiritsidwa nchito m'mabanki ndi m'maofesi a maboma, zidzafa zikangokwanitsa maola 32,768 zikugwira nchito. Maola amenewa ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8. Odziwa masamu a kompyuta anaizindikira nambalayi nthawi yomweyo, popeza ndi pamene kawerengedwe ka mtundu wina ka m'makompyuta kamafika pa malire ake ndi kusokonezeka. Kampaniyo inanena poyera kuti ola limenelo likakwana, SSD ndi zonse zili m'menemo sizidzabwezeka, ndiponso kuti SSD zimene zinayamba nchito tsiku limodzi zidzafera pamodzi. Tangoganizani mlimi amene wamanga nkhokwe ziwiri kuti ina ikapsa ina itsale, ndiye zonse ziwiri nkugwa usiku umodzi. Mankhwala ake anali amodzi okha: kuikamo firmware yatsopano ola lisanakwane. M'March 2020 kunatulukanso cenjezo lofanana la SSD zina, malire ake maola 40,000.

Zoterezi sizinacitike m'mabanki mokha. SSD ya Crucial m4, imene anthu wamba anali kugula, inali ndi colakwika cakuti ikakwanitsa maola 5,184, amene ndi masiku 216 osazima, kompyuta inali kuyamba kuima ola lililonse, kufikira firmware yokonza bvutoli itatuluka m'January 2012. Ndipo pali cina cimene ciyenera kukhudza mtima wa aliyense wokhala kumene malaiti amazima mosacenjeza. M'caka ca 2011, SSD zina za Intel 320 zinali kuti magetsi akaduka mwadzidzidzi, zikayakanso zinali kudzionetsa ngati zili ndi malo a 8 MB okha, malo osakwana ndi zithunzi zocepa za pa foni, ndipo zonse za mwini wake zinali zitasowa. Bvuto limenelonso linafuna firmware yatsopano. Ngakhale posacedwapa, kuciyambi kwa 2023, eni SSD za Samsung 990 Pro anaona kuti nambala yosonyeza umoyo wa SSD ikutsika mofulumira modabwitsa. Firmware imene inatuluka m'February caka cimeneco inaletsa kutsikako, koma siinabweze nambala imene inali itatsika kale. Pamenepa amene anazengereza ndiwo anataya.

Tsono munthu acite ciani, popeza kudina kuli ndi ngozi ndipo kusadina kulinso ndi ngozi? Mtsikana uja atafika kumudzi Loweruka lotsatira, atayenda ulendo wa makilomita oposa 100 kucokera ku Chipata, sanayambe ndi batani. Anayamba ndi kuwerenga. Anaona dzina ndi nambala ya mtundu wa SSD ija, anaona nambala ya firmware imene inalimo, ndipo anapita pa tsamba la opanga eni ake kukawerenga cimene firmware yatsopanoyo ikukonza. Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ncomvetsa cisoni kuti makampani ambiri amalemba mau owerengeka okha, monga akuti akonza kagwiridwe ka nchito, osanena kuti akonza ciani. Munthu amene akupemphedwa kuika mbiri ya mudzi wonse pa ngozi anayenera kuuzidwa zambiri kuposa pamenepo. Mwamwai, pa SSD ya Aphunzitsi mau ake anali omveka: firmware yatsopanoyo inali kukonza colakwika cimene nthawi zina cimacititsa SSD kusaoneka kompyuta ikathima mwadzidzidzi. Inali itatuluka miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo mtsikanayo sanapeze madandaulo a anthu oiikamo.

"Amalume, ikanakhala yonena za masewera a pa kompyuta kapena za makina amene inu mulibe, ndikanati muisiye," anatero. "Koma iyi ikunena za matenda amene laputopu yanu ikhoza kudwala sabata iliyonse. Batire lanu ndi lakufa, ndipo malaiti ndi awa mukuwaonawa."

Aphunzitsi anakhala cete kwa nthawi, kenaka anafunsa funso la munthu wozolowera kusunga za anthu ena: ngati zitalakwika, adzawauza ciani alimi? Mtsikanayo anayankha kuti funso limenelo liyankhidwe batani lisanadinidwe, ndipo nchito imene inatsatira inatenga masiku awiri, pamene kudinako kunali kwa mphindi zocepa.

Anakopera zolemba zonse za kopaletivu pa fulashi, ndipo anakoperanso pa fulashi yaciwiri. Mtsikanayo sanakhutire ndi kuona maina a mafailo okha. Anatenga fulashi imodzi, naitsegula pa laputopu yake, nawapempha amalume ake kuti asankhe alimi asanu alionse ndi kuona ngati ngongole zao zikuoneka monga momwe iwo akuzidziwira. Kope limene silinayesedwe, iye anati, lili ngati mbeu imene munthu wasunga m'cigubu osatsegula kufikira tsiku lobzala. Ndandanda ya ngongole ndi ya malipiro anakaisindikiza pa mapepala ku Mfuwe, ndipo mapepalawo pamodzi ndi fulashi imodzi anakazisiya kwa mai wosunga cuma ca kopaletivu, amene amakhala mudzi wina. Maiyo poyamba anadandaula za ndalama za mapepala, caka cimene ngwee iliyonse inali yowerengeka, koma ataona dzina lake ndi matumba ake zitalembedwa pa tsamba lacitatu, anazikulunga m'citenje ndi kuziika m'sutikesi.

Kenaka panali nkhani ya magetsi. Kudalira malaiti a m'mawaya mwezi umenewo kukanakhala kuseweretsa moto pafupi ndi nkhokwe, pakuti ndandanda ya maola ozima inali kusinthasintha. Motero anapempha malo kwa mwini sitolo wina amene ali ndi sola ya mabatire akuluakulu, ndipo anagwirizana kuti apite m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono koma kusanatenthe, ndi kuti furiji ya sitoloyo izimitsidwe kwa kanthawi kuti pasakhale cina cokoka mphamvu. Kutenga firmware pa intaneti ya pa foni, imene imadukaduka, sikunamdetse nkhawa mtsikanayo, cifukwa pulogalamu ya opanga imayamba yaona ngati zonse zafika bwino isanayambe kulemba. Cimene anatsindika ncakuti ikangoyamba kulemba, munthu asakhudze kanthu, asatseke civindikiro, asadine batani lozimitsira, ngakhale kompyuta ioneke ngati yafa.

Anadina ndi Aphunzitsi eni ake. Mtsikanayo anakana kuwadinira, nati laputopu ndi ya kopaletivu ndipo mlembi wake ndi iwo. Panaoneka kamzere koyenda pang'onopang'ono, kenaka galasi linada, ndipo kwa kanthawi kamene Aphunzitsi amati kanali kotalika kuposa ulaliki wa pa maliro, sipanaoneke kanthu. Mwini sitolo, amene sanali kudziwa bwino cimene cikucitika, anauza ana amene anabwera kudzagula sopo kuti adikire panja. Pambuyo pake laputopu inayaka monga mwa masiku onse, nambala ya firmware itasintha, ndipo maina onse a alimi anali m'malo mwake.

Koma Aphunzitsi anakhumudwa pa cinthu cimodzi. Iwo anali kuyembekeza kuti laputopu idzayamba kuthamanga, ndipo masana a tsiku lomwelo inali kucedwa monga kale. Ciyembekezo cao sicinali copusa, popeza zinacitikapo kuti firmware inabwezera liwiro. SSD ya Samsung 840 EVO, imene inatuluka m'caka ca 2013 ndi kugulidwa kwambiri, inali ndi bvuto lakuti zinthu zimene zakhalamo miyezi ingapo osalembedwanso zinali kuwerengedwa mocedwa kwambiri, nthawi zina mocedwa kuposa pa hard disk yakale. Gwero lake linali lakuti kamphamvu ka m'tizipinda tija kamasuntha pang'onopang'ono m'kupita kwa nthawi, ndipo kapitawo anali kubvutika kuwerenga, nabwereza kangapo. Kampaniyo inatulutsa njira yokonzera m'October 2014, koma kwa ena bvuto linabweranso, ndipo m'April 2015 inatulutsa firmware ina imene imauza kapitawo kuti azilembanso zinthu zakale mwakacetecete nthawi ndi nthawi. Liwiro linabwerera, ngakhale kuti kulembanso kulikonse kumadyako pang'ono umoyo wa tizipinda. Walira mvula walira matope.

Komabe nkhani ngati imeneyo ndi yakamodzikamodzi. Firmware zambiri zimakonza zolakwika zimene mwini wake sanazione nkomwe, ndipo kusintha kwa liwiro, ngati kulipo, kumaoneka pa zipangizo zoyezera, osati m'maso mwa mlembi amene akulemba maina. Nthawi zinanso opanga amacepetsa liwiro mwadala kuti SSD isatenthe kwambiri kapena isalakwitse. Amene amadina batani pofuna liwiro lokha amaika katundu wake pa ngozi kaamba ka phindu limene mwina sadzaliona.

Kucedwa kwa laputopu ya Aphunzitsi kunali ndi magwero awiri, ndipo mtsikanayo anawapeza mosabvuta. Loyamba linali lakuti SSD inali itatsala pang'ono kudzaza. Adzukulu anali atasungamo mafilimu ndi zithunzi zambiri, kuphatikizapo za mwambo wa Malaila wa kwa Mfumu Yaikulu Nsefu, zimene Aphunzitsi eni ake anali kukonda kuonetsa alendo. Kapitawo wa depoti yodzaza amati akalandira thumba limodzi latsopano, ayambe wasuntha ena angapo kuti apeze poika, ndipo m'SSD zimaterodi: malo sangalembedwenso asanafafanizidwe, ndipo kufafaniza kumacitika pa zigawo zikuluzikulu, kotero zabwino zimene zili m'cigawoco ziyenera kusamutsidwa coyamba. Atasamutsira mafilimuwo pa cosungira cina, nasiya gawo labwino la SSD lopanda kanthu, laputopu inapepuka.

Gwero laciwiri ndi limene anthu a m'cigwa amalidziwa ndi thupi lao. M'October kutentha kwa ku Mfuwe kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ndipo m'nyumba ya malata masana kumaposa pamenepo. SSD zambiri za anthu wamba zinapangidwa kuti zizigwira nchito mpaka pa madigiri 70 mkati mwake, ndipo zikayandikira malire amenewo firmware yomweyo imalamula kapitawo kuti acepetse liwiro, kuopa kuonongeka. Laputopu ya Aphunzitsi inali kugwira nchito itaikidwa pa nsalu ya tebulo imene inali kutseka timabowo ta mpweya, ndipo mkati mwake munali fumbi la zaka zingapo. Mtsikanayo anaitsegula, naipukuta, nawauza kuti aziikweza pa timitengo tiwiri ndi kugwira nchito zazikulu m'mawa kapena madzulo. Aphunzitsi anaseka, nati ndiye kuti makinawa ali ngati ng'ombe za pa ngolo, zimene munthu wanzeru saziyendetsa dzuwa lili pamutu.

Kutenthako kuli ndi mbali inanso imene inasintha maganizo a komiti. Wapampando, atamva za ngozi zonsezi, anapereka nzeru yakuti agule SSD ina, akopemo zonse, ndi kuitsekera m'bokosi la citsulo kwa zaka, monga momwe makolo anali kukwirira ndalama. Koma kamphamvu ka m'tizipinda tija kamatuluka pang'onopang'ono cipangizo cikakhala cosayatsidwa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kutulukako. Muyezo wa bungwe la JEDEC, umene opanga amatsata, umafuna kuti SSD ya munthu wamba imene yagwira nchito kufikira malire ake isunge zinthu kwa caka cimodzi ili yozima pa madigiri 30. Yatsopano imasunga nthawi yaitali kuposa pamenepo, koma bokosi la citsulo m'nyumba ya malata ya m'cigwa silidziwa madigiri 30 m'miyezi ya cilimwe. Mafulashi nawonso ndi a mtundu womwewo wa tizipinda, ndipo kawirikawiri ndi ocepa mphamvu kuposa SSD. Motero komiti inagwirizana kuti makope azikonzedwanso kumapeto kwa mwezi uliwonse, mafulashi awiri azisinthana pakati pa mlembi ndi wosunga cuma, ndipo ndandanda ya ngongole izisindikizidwa pa mapepala kawiri pa caka, pogawa mbeu ndi pogulitsa zokolola.

Mbiri ya nkhaniyi itamveka m'midzi, mnyamata wina wa sitolo ya kuchaja mafoni anabweretsa laputopu yake kuti nayonso aiikemo firmware yatsopano, poganiza kuti ndi mwambo umene kompyuta iliyonse iyenera kupitamo. Mtsikanayo anali asanabwerere ku Chipata. Ataiona anapeza kuti SSD yake ndi ya zochipa zimene zimagulitsidwa m'misika ya ku Lusaka, ya dzina losadziwika, yopanda tsamba la opanga pa intaneti ndiponso yopanda pulogalamu yoiyang'anira. Mnyamatayo anati mnzake wamtumizira pa WhatsApp failo imene akuti imathamangitsa SSD ya mtundu uliwonse. Mtsikanayo anamuuza kuti firmware iliyonse imalembedwera kapitawo wa mtundu umodzi ndi tizipinda ta mtundu umodzi, kotero kuti ngakhale SSD ziwiri za dzina limodzi zikhoza kusiyana mkati, ndipo failo yocokera kosadziwika ingathe kuipha SSD kapena kubweretsa pulogalamu yakuba manambala acinsinsi a ndalama za pa foni. Anaifafaniza failoyo mnyamatayo akuona. Aphunzitsi, amene anali kumvetsera ali pa mpando wao, anamfunsa mnyamatayo kumene amalemba maina a anthu amene amamkongola, ndipo iye atayankha kuti onse ali m'laputopu momwemo, anamtuma mdzukulu wao kuti akatenge m'nyumba buku limodzi la sukulu losalembamo ndi bolopeni.